Agogo Anga a ku Khitchini

Zaka zijazi, mafoni asanayambe kudziwa mibadwo ya anthu, munthu unkatha kudzisankhira agogo amene ukufuna, ndipo palibe ankakufunsa umboni. Ine ndinadzisankhira mzungu. Musaseke, ana inu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma pamsika wa Zingwangwa ndinkayenda ngati mwini tauni, ndikuuza aliyense kuti ife a Dawusoni ndife zidzukulu za Bwana Dawusoni, mzungu wa boma nthawi ya atsamunda, kungoti dzuwa linatiwotcha.

Bodzalo linandidyetsa ulemu zaka zambiri, koma choipa chitsata mwini. Linafika tsiku lokambirana za ukwati wa Tiyamike, mwana wa mchemwali wanga, ine ndili nkhoswe pokhala malume. Akuchimuna anachokera ku Chilomoni, ndipo nkhoswe wawo anali a Jemusi, malume a mnyamatayo, mphunzitsi wopuma, munthu wosadziwa kuseka, envulopu ili m'khwapa.

"A Dawusoni," anatero a Jemusi, "tamva kuti ndinu magazi a mzungu uja."

"Enieni," ndinayankha, ndikukonza kolala.

Anayala mapepala patebulo. Mwana wawo anali atafufuza mzere wonse pafoni: Bwana Dawusoni, bambo ake, agogo ake, mpaka kwa Mngelezi wina amene mfumu ya kwawo inamutuma kukayang'anira dziko la Ayalandi, kale sitima zikuyendera mphepo.

"Mayi athu anabadwa kwa mzungu yemweyo," anatero. "Ndiye kuti ana awiriwa ndi pachibale. Ukwati palibe."

Tiyamike anali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo ndi ine ndi mayi ake okha amene tinkadziwa kuti ali ndi pakati. Pawindo panadzaza mitu ya aneba, omwe aja ndinkawanyadira.

"Achimwene," ananong'ona mchemwali wanga, "munena inu kapena ndinene ine?"



"Agogo athu anali khukhi," ndinatero.

"Sitinamve," anatero a Jemusi. "Kwezani mawu, a pawindo amve nawo."

Ndinakweza. Ndinafotokoza kuti agogo anali a Namakhwa, Mlomwe wothawa chibalo cha Apwitikizi, amene anapeza ntchito yophikira mzunguyo, ndipo kalaliki wa boma atawafunsa kuti "Ndiwe wa ndani?" iwo anayesa akufunsidwa za bwana wawo, nayankha kuti "Wa Dawusoni." Kalaliki analemba zomwezo, basi dzina linakanirira.

A Jemusi anapinda mapepala awo.

"Bwera nawo madziwo, mwanawe, ukwati ulipo," anatero kwa Tiyamike.

Mpaka lero pamsika amanditchula Khukhi, ndipo ndimayankha. Iwe Madalitso amene ukugwa ndi phwetewe, ndiwe unali m'mimbamo, ndipo ndikanauma mutu ukanakula bambo ako ukuwatchula asuweni. Choncho ana inu, musanabwereke agogo a eni, muziyamba mwafunsa kuti zidzukulu zawo zenizeni zimakhala lokeshoni iti.