Eveles Sanagwe pa Njinga

Olemekezeka a Bwanamkubwa a boma lino la Phalombe; olemekezeka mafumu athu amene mwachokera kwa Nkhulambe, kwa Nazombe ndi kwa Chiwalo; akuluakulu a polisi, makamaka amayi inu amene mumalandira madandaulo a anthu ochitiridwa nkhanza; abusa, ansembe ndi mashehe; a loya athu, mayi Kate Mulepa, pamodzi ndi anzanu onse a bungwe la Tiwaperekeze; anzanga a zaumoyo, ndakuonani kumbuyoko, mwabisala pamthunzi wa mango; ankhoswe nonse, poti ndamva kuti inu munaitanidwa mwapadera; amayi ndi abambo, landirani moni wanga ndi ulemu wanga.

Ine ndine Hilda Namaona, nesi wopuma pantchito. Ndatumikira m'zipatala za boma lino zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ena mwa inu amene mwavala masuti lero ndinakulandirani ndi manja awa muli mbulanda. Musaseke, a khansala, inunso muli m'gulu lomwelo.

Ndithokoze onse amene mwatuluka thukuta kuti nyumba iyi iime: amene munapereka malo, amene munaumba njerwa, amayi amene munatunga madzi kuchokera kumjigo mpaka makosi kuwawa, ndi a loya amene mwasiya maofesi ozizira a ku Blantyre kudzakhala pafumbi lathu lino. Kuyambira lero, munthu amene akuthawa nkhanza za m'banja ndipo akufuna kuti ukwati wake uthe mwalamulo, adzapeza pano womumvera, womulangiza ndi womuperekeza kukhoti, osalipira kanthu.

Mayi Kate atandiuza kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinakana. Ndinati, ine za malamulo ndizidziwira kuti? Iwo anati, “Amayi, mudzangonena zimene munandiuza zija.” Ndinakhala sabata yathunthu ndikulimbana nazo mumtima, chifukwa zimene ndinawauzazo si zonyaditsa. Koma ndabwera, ndipo ndinena.

Zaka khumi zapitazo ndinkagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono chakumudzi. Dzina lake sinditchula, chifukwa cholakwa chinali changa, osati cha chipatala. Tsiku lina kunabwera mayi wina wachitsikana, diso lakumanzere litatupa mpaka kutsekeka. Ndimutcha Eveles, ngakhale si dzina lake lenileni, ndipo nkhaniyi ndikuikamba atandilola mwini wake. Amene anamubweretsa anali mwamuna wake, amene ndimutche Eneya. Anamukweza panjinga yekha, anandipatsa moni atavula chipewa, kenako anaima pakhomo la chipinda choonera odwala, osalowa, osachokanso.

Ndinafunsa kuti, “Chachitika n'chiyani, asisi?” Eveles anayang'ana pakhomo paja, kenako anayang'ana pansi. Anati, “Ndagwa pa njinga.”

Kunja kunali mzere wa anthu oposa makumi asanu, ana akulira ndi malungo, nesi ndili ndekha. Ndinatenga kabuku kake ka kuchipatala, kaja timayenda nako tonsefe, n'kulemba m'Chingerezi chathu cha kuntchito kuti wagwa pa njinga. Ndinamupatsa mankhwala, ndinaitana wotsatira.

Patapita miyezi ingapo anabweranso. Ulendo uno m'khosi mwake munali zipsera, zinayi mbali ino, chimodzi mbali inayo. Abale anga, njinga yanji ili ndi zala? Ndinaziona ndi maso angawa, ndinazikhudza. Eneya anali pakhomo pomwe paja, ndipo tsiku limenelo anandibweretsera nandolo wamuwisi m'kathumba, akuti anesi mukadyere. Eveles anati wagwa pa njinga, ine ndinalemba kuti wagwa pa njinga. Nandolo uja ndinalandira, ndinakaphika, ndinadya.

Ulendo wachitatu linali dzanja, litathyoka pamfundo apa. Simufunika kuti ndikuuzeni zimene ndinalemba. Mumtima ndinkati za m'banja n'za ankhoswe, ntchito yanga ndi bandeji. Ndinasamutsidwa, ndinakwezedwa pantchito, ndinapuma ndi ulemu, anandiveka chitenje ndi kundiimbira nyimbo. Za Eveles ndinaiwala.

Chaka chino m'mwezi wa Meyi ndinali pamsika, ndikusankha makaka, chinangwa chouma chija. Mayi wogulitsayo ankandipatsira ndi dzanja lamanzere, lamanjalo linali lopindika. Anandiyang'anitsitsa, kenako anati, “Anesi, mwandiiwala? Ndine uja wogwa pa njinga.” Sananene mokwiya ayi, ananena ngati akundikumbutsa dzina lake. Ndinakhala pansi pambali pa lichero lake.

Pomwepo anandiuza zimene sindinkadziwa. Atatopa, anapita kukhoti kukapempha kuti ukwati uthe. Anayenda wapansi, yekha, wopanda womuuza kuti pofika kumeneko amayamba n'chiyani. Ananena pamaso pa khoti kuti mwamuna wake amamumenya. Eneya anaimirira mwaulemu wake womwe uja, anatulutsa kabuku m'thumba la jekete, poti ankakasunga ndi iye, n'kunena kuti, “Bwana, werengani zimene analemba a chipatala.” Anawerenga. Katatu konse, wagwa pa njinga, ndi siginecha yanga pansi pake. Eveles sukulu analekezera sitandade 2, sankadziwa n'komwe kuti m'kabuku kake muli mawu omutsutsa. Oweruza sindiwaimba mlandu, anawerenga zimene zinali patsogolo pawo. Panalibe womuuza Eveles kuti angathe kundiitanitsa ine kuti ndidzafunsidwe. Panalibe womuuza kuti lamulo la dziko lino limalola khoti kuteteza munthu womenyedwa ndi kuletsa womenyayo kumuyandikira. Anachita mantha, anasokonezeka, anavomera zoti akayambe akambirananso ndi ankhoswe. Ankhoswe anati banja ndi kupirira, ndipo anabwerera m'nyumba yomwe ija.

Anapirira zaka zina zisanu. Chaka chatha anathawa ndi ana ake awiri, ndipo pano akugona pakhonde lotchinga ndi mphasa kwa mchemwali wake. Mvetsani bwino apa, mafumu anga. Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsatira mkazi. Malo amene pali nyumba ija ndi a amayi ake a Eveles, munda uja analima agogo ake. Koma wothawa ndi mwini mudzi, mkamwini ndiye watsala, ndipo akuti wina akangomugwedeza asasula malata onse n'kusiya chigoba. Chimene Eveles akufuna si chachikulu: ukwati uthe, abwerere pakhomo pa amayi ake ndi ana ake, agone osatchera khutu kukhomo, aunge mizere mvula isanagwe. Ino ndi Okutobala, ndipo mwaona nokha mmene mitambo yayambira kusonkhana pa phiri la Michesi.

Tsiku lomwe tinakumana pamsika lija ndinamugwira Eveles dzanja lopindikalo n'kupita naye kwa mayi Kate, amene nthawi imeneyo ankagwirira ntchito pakhonde la tchalitchi, mafayilo ali m'katoni. Mayi Kate anamumvetsera maola awiri, chitseko chitatsekedwa, popanda munthu woima pakhomo. Atatha anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti, “Amayi, mungakanene m'khoti zimene munaona?” Ndinati, kodi sikuchedwa? Anati, “Mlandu suola.”

Tsono fayilo yoyamba mu ofesi imene tikutsegulayi ndi ya Eveles. A loya andichenjeza kuti ndisalowe m'kati mwa mlandu, poti kuweruza n'kwa khoti, ndipo ndamvera. Ndakamba za tchimo langa lokha, ndipo limenelo palibe angandiletse kuliulula.

Anzanga a zaumoyo, tulukani pamthunzipo mundimve. Ndikudziwa mzere wake, ndikudziwa kutopa kwake, ndakhalapo pampando umenewo. Koma mayi akabwera ndi bala, mwamuna n'kuima pakhomo, muuzeni bamboyo akadikire panja pabenchi, mutseke chitseko, mufunsenso kachiwiri. Lembani zimene wanena, inde, koma lembaninso zimene maso anu aona. Zikanangotengera mzere umodzi wokha, woti zipsera izi zikufanana ndi zala za munthu, ndipo Eveles akanapulumuka zaka zisanu za nkhonya. Kabuku kaja sikathera m'chipatala, tsiku lina kadzawerengedwa mokweza pamaso pa woweruza.

Ankhoswe, ine sindinabwere kudzakulandani ntchito. Inenso ndaimirapo maukwati, ndipo ambiri amene ndinawayanjanitsa alipo mpaka lero, akudyera mbale imodzi. Kukangana za ndiwo, za apongozi, za kuchedwa kumowa, zimenezo kambiranani, ndi zanu. Koma mwana wanu akabwera ndi dzanja lothyoka, imeneyo si nkhani ya pamphasa ayi. Ena amati kumenya ndi mankhwala a banja. Ine ndasunga makiyi a chipinda cha mankhwala zaka makumi atatu ndi zinayi, mankhwala amenewo sindinawaonepo pashelefu! Amene ndawaona ndi amayi ogontha khutu limodzi, amayi opita padera, ndi ena amene tinawafunditsa nsalu kumaso. Mukamubweza mwana wanu kachitatu, dzifunseni ngati ulendo wachinayi adzabwere akuyenda yekha. Njira yobwera kuno mwaiona lero, muperekezeni ndinu.

Abambo, ndaona ena mwayamba kuyang'ana nsapato zanu. Dzutsani nkhope, nyumba iyi si mdani wanu. Mwamuna womenyedwa ndi mkazi wake, ndipo alipo, tinkawasoka ife usiku ndi usana akunamizira ng'ombe, akabwera pano adzalandiridwa chimodzimodzi. Amene mukuti ofesi ino yabwera kudzapasula mabanja, ndikuyankheni mosapsatira: banja limapasuka tsiku limene nkhonya yoyamba yagwa, a loya amangobwera kudzatulutsa anthu amoyo m'chigumulamo. Ndipo amene muli ndi ana aakazi, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu a Tiwaperekeze, pempho langa ndi limodzi. Anthu amene adzagogode pano ambiri adzafika ndi fumbi m'miyendo, mwana kumsana, mawu akunjenjemera, ndipo ena adzayamba ndi kukuuzani kuti agwa pa njinga. Musathamangire kulemba. Mupatseni madzi akumwa, mulankhule naye m'chinenero chimene amalirira, kaya Chilomwe kaya Chichewa, mumuwerengere pepala lililonse asanadindepo chala. Ndipo tsiku la khoti asadzapite yekha. A Bwanamkubwa, mafumu, ife tonse tili pano, tisalole kuti nyumba iyi idzasanduke mosungira chimanga chaka chamawa chifukwa choti eni ake tinaitaya. Ine malinga ndili moyo ndizibwera Lachiwiri lililonse kudzakhala pabenchi iyo ndi amene akudikira, ndipo amene adzandithamangitse abwere ndi mphamvu zokwanira.

Nthungululuzo zisungeni kaye, amayi, sindinachite kanthu koyenera nthungululu. Mlandu wa Eveles ukulowa Lachinayi likubwerali. Ana anga andifunsa kuti, “Amayi, mukadzichotsera ulemu chifukwa chiyani, mutapuma kale bwinobwino?” Ndawayankha kuti ulemu umenewo ndinaupeza wina akulipira ndi dzanja lake. Ndili ndi mantha, sindikubisirani. Koma ndasita kale chitenje changa chija anandiveka popuma pantchito.

Tsopano, ndi ulemu umene mwandipatsa, m'dzina la amayi ndi abambo onse amene anavutika opanda wowaperekeza, ndikulengeza kuti ofesi ya Tiwaperekeze ya boma la Phalombe yatsegulidwa kuyambira lero.

Lachinayi m'mawa mukandipeza pabenchi ya khoti, nditakhala pafupi ndi Eveles. Akadzanditsegulira kabuku kaja n'kundifunsa ngati zolembazo ndi zanga, ndidzati ndi zanga. Akadzandifunsa ngati mayi ameneyu anagwa pa njinga, ndidzayankha mokweza, kuti ndi woima pakhomo yemwe amve: ayi, bwana, sanagwe pa njinga.

Mulungu akudalitseni nonse. Zikomo kwambiri.