Mganda wa pa Hafu Taimu

Omvera athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, makamaka inu amene mwakhala mukumenya wailesi zanu poganiza kuti mabatire atha, pepani, vuto silinali lanu. Mphezi inatimenyera mlongoti sabata yatha, ife n'kungoti zii. Lero Lachitatu tabwerera. Ndine Mirriam, ndipo zilengezo zaunjikana pano ngati fodya wobwezedwa ku okushoni. Zina zagona, zina zasasa kumene, koma abwana akuti ndiwerenge zonse monga zinabwerera. Musatukwane ine.

Komiti ya Chikho cha Hashim Golosale ikudziwitsa onse okonda mpira kuti ndime yomaliza ichitika Loweruka pa bwalo la Chankhadze. Mabingu a ku Madisi akumana ndi Tsabola Yunaitedi ya ku Kasakula. Pa hafu taimu padzakhala DJ wochokera ku Lilongwe, masipika aatali kuposa golo, komanso atsikana ovina a gulu la Sharon. Komiti ikutsindika kuti chaka chino mganda kulibe. Ikupemphanso a Stefano Mkwinda, Kingi wa mganda wa kwa Chimbalanga, kuti asiye kulawirira kunyumba kwa wapampando, chifukwa yankho silisintha ndipo shuga wa tiyi akutha. Chilengezochi chachokera kwa wapampando, a Moffat Chikakuda.

Loweruka lake ndi lapitali, omvera. Amene mwayamba kupopa njinga, khalani pansi.

A Stefano Mkwinda a m'mudzi mwa Chimbalanga, Mfumu Yaikulu Kasakula, akudziwitsa komiti ndi onse obadwa dzana kuti hafu taimu sinayambe ndi jenereta. Akuti kale chigawo choyamba chikatha, mganda unkalowa m'bwalo utavala zoyera mbee, mabadza akulira, ng'oma ikugunda, ndipo woimbira mpira ankakhala pansi n'kumadya mzimbe mpaka Kingi atanena kuti basi. Osewera ankapuma mpaka kuwodzera. Ena mwa oonerera sankadziwa n'komwe kuti wawina ndani.

Akuti kenako kunabwera wailesi ya kaseti ya pa batire la galimoto, mganda n'kuuzidwa kuti uzifupikitsa. Kenako mabungwe anabwera ndi zisudzo zophunzitsa anthu aakuluakulu kusamba m'manja. Chaka china kunali mpikisano wodya mabanzi ouma popanda madzi, umene unatsala pang'ono kutipezetsa maliro a mphunzitsi. Chaka cha chisankho, hafu taimu yonse inathera kutchula maudindo a alendo olemekezeka, ndipo mlendo wamkuluyo atangoti ayambe kuyankhula, mpira unayambiranso. Lero akuti ndi chiphokoso chokhachokha, ndipo anthu saoneranso ndi maso, amaonera pa foni, mkono uli m'mwamba ngati akufunsa funso m'kalasi. Pa zonsezi mganda unkapatsidwabe kangodya kake. Chaka chino ndiye autayiratu kudzala.

Akudziwitsanso kuti gulu lawo latsala ndi madala ochepa, ena mano anatha moti badza likumawapulumuka pakamwa. Anagwirizana kuti chino ndi chaka chomaliza: avine pa fainolo kamodzi kokha, ng'oma aipachike. Akuti sakupempha sopo kapena fanta. Akupempha bwalo. Chilengezochi chachokera kwa a Stefano Mkwinda, Kingi.

Eeh, madala awa! Nkhani ya mabanzi ija ine ndinaliko, sakunama.

Mayi Magdalena Nambewe a m'mudzi womwewo wa Chimbalanga akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Kasakula, Madisi ndi ku Ntchisi Boma kuti amuna awo, a Stefano Mkwinda, asowa. Anachoka pakhomo Lachinayi m'mawa, atanena kuti akukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi ku Boma ndipo akagona kwa mlongo wawo, mayi Rakele. Mpaka lero Lachisanu sanabwere. Ndi aatali, oonda, a imvi, ndipo amayenda ngati kumbuyo kwawo kukubwera ng'oma. Mukawapatsa moni, ayankha bwinobwino. Mukatchula DJ, muchedwa kumene mukupita.

Mayiwa akuti a kuchipatala anawaletsa bambowa kuvina, ndipo anawaletsa pamaso pa mboni. Akuti asavutike wina kukawafuna ku mpira, chifukwa kabudula woyera, malaya, sokosi ndi nsapato zonse anazitsekera m'sutikesi, kiyi ali pa mpango wawo, ndipo Kingi sangalowe m'bwalo ndi buluku la kudimba. Iwo anyamuka Loweruka m'mawa kukawafuna ku Boma. Aliyense wowaona awauze mawu awa: "Bambo a Luckness, bwererani, sindikalipa kwambiri." Chilengezochi chachokera kwa mayi Magdalena Nambewe.

Mwamva? Sanati sakalipa. Ati kwambiri.

A Andreya Kamwendo, amene anaimbira ndime yomaliza ija, akudziwitsa komiti, matimu onse awiri ndi apongozi awo a ku Madisi kuti kusatha kwa masewerowo si mlandu wawo. Akuti chigawo choyamba chinatha bwino popanda chigoli. DJ anayamba ntchito yake, atsikana a Sharon n'kuyamba kuzithyola. Apo ndi pamene kuseri kwa kalasi kunamveka ng'oma. Anatulukira madala pamzere, ndipo patsogolo panali a Stefano, atavala malaya oyera a kwaya, kabudula wa mwana wa sukulu ndi sokosi za goloboyi wa Tsabola. Anthu onse anapotoloka n'kupatsa masipika msana. DJ anakweza voliyumu mpaka agalu anathawa, koma sizinathandize.

Nthawi yopuma itatha, a Kamwendo akuti anachita zimene malamulo amanena: anaimba wezulo kuti anthu achoke m'bwalo. Iwo anakulira ku Blantyre, ndipo palibe anawauzapo kuti pa mganda wezulo satulutsa munthu, amasintha sitepe. Ataimba kamodzi, madala onse anatembenuka. Ataimba kawiri, ananjuta pansi n'kudzuka pamodzi. Atapsa mtima n'kuimba motalika, gulu linayamba nyimbo yatsopano, amayi n'kuthira nthungululu. Akuti a Stefano anawayandikira akuvina n'kuwauza kuti, "Mwanawe, uli ndi mphatso. Pitiriza!"

A Kamwendo anawaonetsa kadi yofiira. A Stefano anaichitira sawatcha. Pofika pamenepo atsikana a Sharon anali atalowa pamzere, osewera a matimu onse awiri alinso momwemo ndi nsapato zawo za mpira, ndipo wapolisi amene anatumidwa kukabalalitsa anthu anapezeka atanyamulira wina ng'oma. Dzuwa linalowa, mvula inayamba. A Kamwendo akupempha ana a sukulu asiye kuwatchula kuti Kingi Wamng'ono, chifukwa iwo ali ndi satifiketi ya uimbiri. Chilengezochi chachokera kwa a Andreya Kamwendo.

Pepani omvera, ndimwe madzi kaye. Ayi, sindikuseka. Ndi chifuwa.

Komiti ya Chikho cha Hashim Golosale ikudziwitsa anthu onse kuti ndime yomaliza ibwerezedwa Loweruka likubwerali pa bwalo lomwelo. Pa hafu taimu sipadzakhala DJ, sipadzakhala kuvina, sipadzakhala ngakhale woimba mluzu. Osewera adzangosinthana magolo, oonerera adzakhala chete n'kumaganizira khalidwe lawo. Woimbira mpira adzachokera m'dera lomwe lino. Komiti ikuitananso a Stefano Mkwinda kuti adzaonekere pamaso pake Lachinayi masana, adzayankhe mlandu wolanda bwalo ndi wonyoza kadi yofiira. Akalephera kubwera, komiti idzawaletsa kuvina moyo wawo wonse. Chilengezochi chachokera kwa wapampando, a Moffat Chikakuda.

Tipitirize. Ichi chafika lero m'mawa.

Omvera, ndikupempha muchepetse phokoso kumene muliko.

Banja la a Mkwinda likudziwitsa abale ndi abwenzi a kwa Chimbalanga, Kasakula, Madisi, Mponela ndi ku Ntchisi Boma, makamaka mayi Rakele, a Luckness amene ali ku Lilongwe ndi a Chiko amene ali ku esiteti ku Kasungu, kuti bambo Stefano Mkwinda atisiya dzulo Lachiwiri. Anagwa Loweruka madzulo atangotuluka m'bwalo, akuvula sokosi kuti abwezere mwini wake. Anyamata a Mabingu ndi a Tsabola ndi amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala, koma sanayankhulenso. Mwambo woika maliro uchitika mawa Lachinayi masana m'mudzi mwa Chimbalanga. Banja likuti komiti ya chikho, popeza inawaitana tsiku lomwelo, ikhoza kubwera ndi mlandu wake komweko, woyankha mlandu adzakhalapo. Anzawo a mganda adzawaperekeza ndi ng'oma. Chilengezochi chachokera kwa mwini mbumba, a Lazaro Mkwinda.

Ine zandikhudza, ndinene zoona. Bambo amenewa anavina pa ukwati wa mayi anga. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Chatsala chimodzi.

Mayi Magdalena Nambewe akudziwitsa onse amene anali pa bwalo la Chankhadze Loweruka kuti iwo kunalibe. Tsiku limenelo anali ku Ntchisi Boma, akuyenda kuchoka kwa mayi Rakele kupita kuchipatala, kuchoka kuchipatala kupita kupolisi, akufunsa za mwamuna wamtali wa imvi. Mvula itawononga msewu anagona konko, ndipo anawapeza amuna awo Lamulungu ali pabedi m'chipatala chimene anawagoneka, maso otseka. Akuti anawakalipira pang'ono monga analonjezera, koma sakudziwa ngati anamva.

Akuti kuyambira ali mtsikana wogulitsa zitumbuwa pa mpira, palibe fainolo imene bambowa anavina iwo osaona. Amadziwa mwendo umene ankayambira. Amadziwa kuti akakweza phewa lamanzere ndiye kuti nyimbo yawafika pamtima. Aliyense wobwera kudzapepesa akumawauza kuti, "Mayi, mukanaona! Sanavinepo chonchija." Iwo akuti atopa ndi kuuzidwa.

Amva kuti ambiri munajambula pa mafoni. Iwo foni yawo ndi ya mabatani, choncho musawatumizire. Akupempha mmodzi yekha, aliyense, ngakhale DJ yemwe uja, abwere nayo foni kwa Chimbalanga itadzaza moto, akhale nawo pamkeka, awaonetse kuyambira polowa mpaka potuluka, osadumphitsa. Akuti ngati n'kotheka afike mawa m'mawa bokosi lisanatsekedwe, kuti awauze amuna awo kuti aona. Chilengezochi chachokera kwa mayi Magdalena Nambewe.

Zilengezo zathera pomwepa. Inu amene munakweza mikono Loweruka lija, msewu wa ku Kasakula wauma. Nyamukani.