Mzere Wokhota pa Phewa la Loboti

— Halo?

— Halo, alamu. Ndine.

— Dikirani ndizimitse kompuresa, sindikumva kanthu... Eya, tsopano. Aa, adokotala athu a mano. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya inu alamu?

— Taswera. Achemwali anga ali bwanji kumeneko?

— Ali bwino. Apita kukagula zinthu ndi mwana, sanabwerebe.

— Chifuwa chija chinamusiya mwanayo?

— Chinamusiya. Nanga amayi kunyumba kwanuko?

— Ali bwino, kungoti akuti zovala zanga zikununkhitsa nyumba yonse penti. Ndawauza kuti munakwatiwa ndi wopenta magalimoto, simunakwatiwe ndi wogulitsa maluwa.

— Ntchito ikuyenda?

— Pang'onopang'ono. Ndili ndi minibasi pano, mbali yonse mabala okhaokha, koma mwini wake akufuna ituluke ngati mkwatibwi. Mwaimba bwino, adokotala. Mapewa a loboti yathu, chidole cha pulasitiki chija, ali kuti? Chionetsero cha zidole chija ndi Loweruka likubwerali. Miyendo ndi mutu ndinapenta kale, zikungondiyang'ana pashelefu.

— Ndi nkhani yake yomweyo.

— Mwamaliza kugoba mizere?

— Phewa lakumanzere ndinamaliza. Lakumanja ndi limene landivuta. Ndimafuna ndifunse, mzere ukathawa, tchizulo n'kukanda pambali, mumatseka ndi chiyani kuti pasadzaoneke?

— Zimenezo mukufunsa ine? Si inu munandiphunzitsa?

— Ndikufuna ndimve za inu.

— Chabwino. Ngati bala lake ndi laling'ono, dontho la guluu wouma msanga uja, mudikire, kenako sandipepa wosalala. Ngati ndi lakuya, pate. Koma pate musagobepo lero, amanyenyeka.

— Ndaika kale pate. Kawiri.

— Pamalo amodzimodzi?

— Pamalo osiyana. Ndipo pali pena pachitatu.

— Ndiye kuti tepi yanu yakalamba, ikutsetsereka. Mzere suthawa wokha ngati tepi yolimba ija yagwira bwino.

— Tepi ndi yatsopano. Ndaidinikiza ndi chikhadabo mbali zonse.

— Pensulo munayamba mwalemba?

— Ndinalemba. M'makona ndinabaya ndi singano kuti tchizulo izikaima pomwepo.

— Ndiye tchizulo yabuntha. Kaja kakang'ono kwambiri, kowonda ngati tsitsi, sikachedwa kutha nsonga. Mukakakanikiza kuti kadye...

— Sindikukanikiza. Ndikukoka pang'onopang'ono, mopepuka, kubwereza pomwepo mpaka ngalande ioneke. Fumbi lake ndikuchotsa ndi mswachi. Monga mwa nthawi zonse.

— Mswachi wa wodwala uti?

— Alamu.

— Ndikucheza. Halo? Mukuduladula.

— Ndati monga mwa nthawi zonse.

— Imani pafupi ndi zenera. Kachipinda kanu ka maloboti kaja netiweki imalowamo mopempha.

— Ndaima. Mukundimva?

— Tsopano bwino. Mwina ndi kuwala. Nyale yanu ya patebulo ija imaponya mthunzi kumanja.

— Ndatsegula makatani onse. Magalasi okulitsa zinthu aja ndavala, omwe ndimavala kuntchito.

— Ndiye sindikudziwa. Koma musadandaule, pali njira. Pokandikapo timatepo kachidutswa ka pulasitiki kopyapyala, kamakona anayi, kaoneke ngati kachitseko kotsegulira mawaya. M'mbali mwake mubowole timaenje ngati mitu ya mabawuti. Oweruza adzati ndi luso, sadzadziwa kuti ndi chigamba. Chaka chatha paja anaima nthawi yaitali pa chifuwa cha loboti yathu ija, kuwerenga mizere yanu ndi tochi.

— Ndayesa kubowola timaenjeto.

— Ndiye?

— Sitili pamzere umodzi. Kena kali m'mwamba, kena pansi. Ngati mano a munthu amene amayenera kubwera kwa ine ali mwana.

— Hehe. Koma mawu anu sakuseka, adokotala.

— Mayunitsi anga atsala pang'ono. Ikaduka musadabwe.

— Ikaduka ndiimba ine. Mwatani kodi?

— Alamu, muli nokha pamenepo?

— Ndili ndekha. Anzanga apita kukadya.

— Si tepi. Si tchizulo.

— Nanga n'chiyani?

— Ndi dzanja.

— Mwavulala?

— Likunjenjemera. Lakumanja. Chala chachikulu ndi cholozera. Ndikagwira kanthu kakang'ono, ndikati ndiyandikize nsonga pamalo pake, zimayamba zokha. Ndimaziuza kuti khalani chete, sizimva.

— Aa, khofi ameneyo. Mumamwa ngati madzi.

— Ndinasiya sabata yatha.

— Kapena kutopa. Shuga? Bipi?

— Zonsezo ndinadziyeza ndekha. Zili bwino. Mndandanda wa zomwe zingachititse ndikuudziwa, alamu, ndinaphunzira kusukulu. Zina n'zazing'ono, za mapiritsi chabe. Zina ayi.

— Ndiye mwina ndi zazing'onozo.

— Malemu bambo anga munawapeza ali moyo?

— Ndinawaona paukwati wanu.

— Mukukumbukira mmene ankamwera tiyi?

— Ankagwira kapu ndi manja awiri.

— Ndipo theka ankatayikira m'sosala. Kumapeto kwake ndinkawameta ndevu ndine. Zinayamba chonchi. Siginecha yawo inayamba kukana kubanki.

— Koma iwo anali okalamba.

— Pamene zinkayamba anali ndi zaka zanga.

— Halo?

— Ndilipo.

— Ndimayesa yaduka. Kuntchito zikukhala bwanji?

— Ndi chimene ndaimbira, za pate ndimangozungulira. Lachinayi kunabwera mayi wina, dzino lakumbuyo. Ndatenga jakisoni wa dzanzi, ndati ndilowetse m'kamwa, nsonga ya singano ikuvina. Ndinatsamiritsa chala pachibwano chawo, ndinapuma, ndinabaya bwinobwino. Mayiwo sanadziwe kanthu. Koma nesi wanga anaona. Anayang'ana kukhoma ngati pali kalendala yatsopano.

— Ananena kanthu?

— Ayi. Anangondifunsa ngati ndadya. Dzulo odwala anga onse ndinapatsa mnzanga, ndati mutu ukundiwawa.

— Chabwino munatero.

— Koma Lolemba kuli kamtsikana ka sukulu. Kamaopa aliyense, kanazolowera ine ndekha. Dzino lake ndi lofunika kubowola mpaka pafupi ndi mtsempha. Ndiye m'mawa uno ndinadziuza kuti, ndikagoba mzere umodzi wowongoka paphewali, kuchoka pakona kufika pakona, Lolemba ndikagwira ntchito. Ndikalephera, sindikagwira.

— Ndiye mwakhala mukudziyesa mayeso pa loboti.

— Pulasitiki ukailakwira umaika pate. Lilime la mwana wa eni ulibe poika pate.

— Mzere wowongokawo wapezeka?

— Umodzi. Koma ndachita kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere. M'kamwa mwa munthu lamanzere limakhala ndi kagalasi.

— Adokotala, ndinene kanthu musakwiye.

— Nenani.

— Miyendo ija munandipatsa mwezi watha. Nditaithira pulayima, penti woyamba uja, mizere ya pantchafu inaoneka ngati yaphotchoka pang'ono. Paja pulayima sabisa kanthu. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Ndinati mwina munagoba mukuthamangira kwina, ndinangoikonza mwakachetechete.

— Mwezi watha.

— Eya.

— Ine ndimati zayamba masabata awiri apitawa.

— Mwina kunali kuthamanga ndithu. Ine sindine dokotala.

— Simunandiuze bwanji?

— Ndikanayamba bwanji? Munthu amene anandiphunzitsa kugwira tchizulo ndikamuuze kuti mizere yake yaledzera? Ndinachita manyazi.

— Ndiye kuti zikukula.

— Sitikudziwa. Inunso simukudziwa. Mwakaonana ndi dokotala wa mitsempha?

— Ndikakhala pabenchi yake, pofika madzulo madokotala onse amva. Odwala amva. Ndani angatsegule pakamwa pake kwa munthu wonjenjemera? Ine ntchito ina sindidziwa, alamu. Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikudya za zala ziwirizi.

— Achemwali mwawauza?

— Ayi. Ndipo inunso musawauze. N'chifukwa chake ndaimba iwo kulibe.

— Apo ndiye mwandiika pamoto.

— Ndikupempha.

— Mukudziwa kuti anandiimbira Lachitatu?

— Za chiyani?

— Za inu. Akuti mukafika kunyumba mumangolowa m'kachipindako n'kukhoma chitseko. Patebulo simukudya nawo, mumati mudya pambuyo pake. Akakugwirani dzanja mumalichotsa. Malaya a mabatani munasiya, mukungovala masikipa.

— Mabatani ang'onoang'ono aja amanditengera nthawi. Sindimafuna aone.

— Iwo sakuganiza za mabatani. Akuganiza kuti pali wina.

— Wina ndani?

— Mkazi, adokotala. Anandifunsa ngati kugulu lathu la maloboti kumabwera akazi. Ndinawauza kuti kumabwera amuna a mimba zawo okangana za guluu. Sanaseke. Analira.

— Analira?

— Akuti zaka zonsezi sanakukayikirenipo, koma tsopano akagona amangoyang'ana kudenga. Ine ndinakuikirani kumbuyo, ndinati ndi chionetsero chikukusowetsani tulo.

— Mayo ine.

— Ndiye musandiuze kuti ndisunge. Mbali iyi mlongo wanga, mbali iyo inu. Ndisweka pakati.

— Ndimati ndiyambe ndadziwa kuti n'chiyani, kenako ndiwauze. Anavutika kale ndi bambo anga, ankawachapira, ankawadyetsa. Ndiwauze kuti ayambirenso?

— Chimene akusenza panopa n'cholemera kuposa chimenecho. Halo? Halo?

— Ndikumva. Foni yalira, akuti kwatsala mphindi imodzi.

— Dulani, ndiimbe ine.

— Musavutike...

— Dulani.

— Halo.

— Eya, ndi ine. Tsopano tikudya mayunitsi anga, ndiye mumvetsere. Lolemba kamtsikanako simukagwira.

— Kadzalira. Mayi ake anachita kupempha tchuthi kuntchito.

— Mudzakhale pambali, mukagwire dzanja, mnzanuyo abowole. Zimatheka?

— Zimatheka. Koma ndiye ndiyenera kumuuza mnzangayo chifukwa chake.

— Muuzeni. Mutu sungawawe mwezi wathunthu. Nesi akudziwa kale, ndipo mukuona kuti sanalengeze.

— Akandiuza kuti ndiime kaye ntchito?

— Muima kaye. Sindikudziwa, adokotala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwa wa mitsemphayo ndikuperekezani ine. Tikwera galimoto yanga, ndikakhala nanu pabenchi. Anthu adzayesa wodwala ndine, ndi mmene ndimaonekeramu.

— Minibasi ya eni ake?

— Idikira. Yakhala ndi mabala zaka zambiri, tsiku limodzi silingaiphe.

— Nanga akakanena kuti ndi zomwe zija za bambo?

— Tikamve kaye. Mwanena nokha kuti zina n'za mapiritsi.

— Ndanena.

— Ndipo za mapewazo, ikani m'kabokosi momwe alilimo. Musakhudzenso tchizulo lero, mukungodzizunza. Ndidzatenga mawa.

— Mudzagoba inu?

— Ndiyesa. Mizere yanga mukuidziwa, imayenda ngati msewu wa kuphiri. Koma ndiika tepi ziwiri.

— Musakanikize. Pakona yam'mwamba pulasitiki yatsala yopyapyala, ndapala kwambiri ndi sandipepa. Mukakanikiza muboola.

— Mudzakhale pambali panga muzindikalipira.

— Kapena tingoisiya chaka chino.

— Tiona mawa. Loboti siithawa, ilibe ndi mapewa omwe.

— Dikirani.

— Chiyani?

— Geti ikulira. Abwera.

— Ndi iwo?

— Ndi iwo. Mwana watsogola ndi jumbo ya buledi. Alamu, ndiyambe bwanji?

— Sindikudziwa. Yambani ndi kutsegula chitseko cha kachipindako.

— Ndiwauze mwana ali pomwepo?

— Mutumeni akaonere makatuni. Kapena apatseni foni achemwali, ndiyambe ine, inu mumalize.

— Ayi. Ndinena ndekha.

— Mukunena zoona? Chifukwa madzulo ndiwaimbira, ndipo akandifunsa sindinamanso.

— Ndamva. Dzanja layambanso, foni ikugunda khutu.

— Igwireni ndi linalo.

— Ndagwira. Ali pakhonde, akufuna makiyi m'chikwama. Ndikawatsegulire.

— Pitani. Mundiimbire mukatha, kaya mungoflasha.

— Chabwino. Mupereke moni kwa amayi.

— Amva. Adokotala...

— Mwabwerako, amake mwana? Ayi, siyani, majumbowo ikani pansi pomwepo. Ayi, sindilandira, muona chifukwa chake. Iwe, kayatse TV. Inu tabwerani kuno, mukhale pampando wangawu.

— Adokotala, simunadule. Halo?

— Ndi achimwene anu. Ayi, kwawo kulibe vuto. Khalani kaye pansi.

— Ndikudula ine. Tsalani bwino.