Kamfuti Kosowa Pokhala

Zaka zimenezo, mayi anu asanabadwe, ine ndidakali mnyamata wa tsitsi lakuda bii ndi mimba yosapitirira lamba, ndinkayendetsa galimoto ya bambo wina wa ku Limbe, dzina lawo a Kalinde. Tiyamike, tayamba waika foniyo pansi. Kuyambira m'mawa ndakuona ukusankha kachikwama koikamo foni, aka wakakana, ako wakakana, ndipo akuti kakafika mawa n'kusakusangalatsa ukabweza pa positi. Ife kale zobweza kunalibe, ukagula wagula, chikakuluma umangoluma mano nawenso. Mphatso, ukumva Chichewa changachi? Ukumva, ndikudziwa, ukungoyankha m'Chingerezi ngati mzungu wa pa basi. Sendera kuno ku hita, mphepo ya ku Hull kuno ku Mangalande siseka ndi munthu.

A Kalinde anali ndi malole onyamula nandolo ndi thonje kuchokera ku Chigwa cha Shire, ndipo chaka china achifwamba anaimitsa lole yawo pa zitunda zotsetserekera ku Chikwawa, n'kumenya dalaivala mpaka kumugoneka m'chipatala. Bwana anachita mantha, anayenda m'maofesi mpaka anapeza chilolezo, ndipo tsiku lina anandiitana n'kundiikira patebulo kamfuti kam'manja, kaja kokhala ndi kamgolo kozungulira, ife tinkati volovolo. Anati kuyambira lero ndine dalaivala komanso mlonda wawo, anandipititsa kokaphunzira kagwiridwe kake, koma anandipatsa lamulo limodzi lolimba: munthu aliyense asakaone kapena kumva za iko, chifukwa iwo anali mkulu wa mpingo, ndipo mkulu wa mpingo woyenda ndi mfuti anthu amamuimba nyimbo. Anati tsiku limene kadzaoneke, ntchito yanga yathera pomwepo.

Kuno mukuona apolisi ambiri akuyenda chimanjamanja, ndipo munthu wamba kungokhala ndi kamfuti kotere ndi ndende, choncho mungaganize kuti ine ndinkadzimva ngati mfumu. Ayi ndithu. Kanthu kaja kanali kakang'ono ngati mbatata ya m'dimba, koma kusowa pokhala ngati mlendo wobwera nthawi ya njala.

Ndinayamba ndi thumba la buluku. Kanakoka buluku mbali imodzi, ndipo ndinkayenda chopendekeka ngati ngolo yophwa tayala, mpaka tsiku lina pa maliro a m'bale wawo wa bwana thumba linabooka, ndipo ndinangomva chitsulo chozizira chikutsetsereka m'mwendo pang'onopang'ono m'busa ali pakati pa ulaliki. Ndinapanikiza mawondo, n'kuima chilili osagwedezeka mpaka anthu onse anabalalika, ndipo amayi ena anandiyamikira kuti sanaonepo mnyamata wolemekeza maliro chotero.

Ndinayesa kukasomeka kumbuyo pa lamba, koma munthu woyendetsa galimoto amakhala chotsamira, ndipo msewu wa nthawi imeneyo unali wa mabampu okhaokha, moti pofika kwathu msana unali ngati aupuntha ndi musi. Ndinayesanso kukamangirira pa kakolo ndi sokosi ziwiri, koma ndinayamba kutsimphina, ndipo akazi awo a bwana ananditumizira mankhwala a nyamakazi.

Ndiye mnzanga wina anandiuza kuti apolisi ovala zawamba amabisa zawo m'khwapa, m'chikwama cha zingwe zodutsa pamapewa. Ndinapita ku msika wa Limbe kwa munthu wogulitsa malamba, ndinamunamiza kuti ndikufuna koikamo tochi, ndipo anandisokera chikwama cha chikopa cha mbuzi, chonyezimira bwino, cha mabatani awiri. Ndinachivala nditaimirira, ndinadziyang'ana pa galasi la sitolo, ndinadzigomera ndekha. Koma ana inu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chikopa chija sanachifufute bwino, ndipo chitangolawa thukuta langa mbuzi ija inadzuka kwa akufa.

Nthawi yomweyo n'kuti ndikufunsira agogo anu aakazi awa akunamizira kuluka chipewa pa sofapa. Inde mayi, ndikunena inuyo a Esinati, makutu anu ndikuwaona. Kwawo kunali ku Chikwawa, ndipo tsiku lokaonekera kwa akuluakulu linagwa mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la kumeneko limawotcha mpaka abuluzi amayenda chonyang'ama. Amalume anga anali kutali ku Ntcheu, akudwala, ndiye a Kalinde anadzipereka okha kukandiimira ngati ankhoswe. Ndinapempha kuti tsiku limenelo lokha kamfuti katsale, koma anati msewu wake ndi womwe uja wa achifwamba, ndipo m'galimoto sitingakasiye chifukwa ana a m'mudzi amaunjirira galimoto ngati ntchentche.

Ndinafika nditavala jekete lakuda, lolemera ngati la kuno la m'nyengo yozizira. Zingwe zinali zitandidula kale m'khwapa, moti dzanja lamanzere silinkatheka kulitsitsa, linangoti tang'a ngati phiko la nkhuku yomva kutentha. Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo atabwera amalume awo a Esinati, a Nyapola, bambo wamtali wa maso akuthwa, ndinayesa kuwomba m'manja mwaulemu, koma manja anakumana theka, phokoso lake ngati mwana akupha udzudzu. Ndisanakhazikike n'komwe, agalu a pakhomopo anabwera, woyamba, wachiwiri, kenako wa kwa aneba, onse kudzakhala mbali yanga yamanzere, mphuno zili m'mwamba, akundiyang'ana mwachikondi.

A Kalinde anayamba kulankhula, kunditamanda kuti ndine wakhama, wosamwa, wopemphera, koma ndinaona kuti palibe akumvetsera. Amayi anali kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ena ankati ndili ndi chotupa chonunkha, ena ankati ndi chithumwa chogwirira mtima wa mwana wawo, pamene gogo wina ananenetsa kuti ndaba nyama pa ukwati wina n'kuibisa. A Nyapola anandiuza kawiri kuti ndivule jekete ndipume mphepo, ndipo kawiri konse ndinayankha kuti ndikumva kachisanu, uku thukuta likudontha pachibwano.

Kachitatu sanasekenso. Anadula mawu a bwana pakati n'kunena kuti, "Bambo, mwana wathu sitipereka kwa munthu amene tamuona theka. Chili m'khwapamo tichione, apo ayi nyamukani dzuwa lisanapendeke."

Ndinayang'ana a Kalinde kuti andipulumutse, koma bwana anali atakweza maso kuyang'ana mango osapsa ngati sanaonepo mtengo chibadwire. Ndinayang'ana kukhonde, ndinaona Esinati ataima ndi beseni la madzi, nkhope itagwa, chifukwa nayenso sankadziwa kanthu ndipo anali atayamba kukhulupirira za chotupa zija. Apa ntchito, apa mkazi. Mtima unandiuza kuti malole ndi ambiri m'dziko muno, koma Esinati ndi mmodzi, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha a Nyapola kuti tipite awiri kuseri kwa bafa la udzu.

Kumeneko ndinavula jekete, ndipo fungo limene linatuluka linabweza mkulu uja m'mbuyo. Anaona kamfuti, anaona zilonda zimene zingwe zinandisiya, kenako anayamba kuseka, kuseka kogwira mpanda, misozi mbwee. Atapeza mpweya anati, "Mfuti yokha basi? Ine ndimayesa matenda. Mwana iwe, ukanafa ndi ulemu wakowu."

Anandiuza kuti munthu wotha kupirira zoterezi pofuna kusunga chinsinsi cha bwana wake adzathanso kupirira Esinati, mwana wa mlongo wawo, amene anati pakamwa pake m'pakuthwa kuposa zingwezo. Musanditong'olere maso mayi, ndi amalume anu ananena, si ine. Anangoika lamulo loti chitsulocho chisadzagone m'nyumba imene mugone mwana wawo, chizitsala kotsekera kwa bwana. Titabwerera pamphasa anauza anthu kuti aona ndi maso awo, ndi kachilonda chabe ka ntchito, ndipo nkhani ya ukwati ipitirire. A Kalinde anatsitsa maso kuchoka mu mtengo muja, ndipo pobwerera njira yonse sanatchule za kundichotsa ntchito, anangotsegula mawindo onse a galimoto n'kutulutsa mutu kunja.

Esinati ndinamuuza zoona tsiku lomwelo, chifukwa amalume ake anati chinsinsi chobisira mkazi wako chimasanduka mkazi wachiwiri. Sanakalipe. Nditapitakonso kwawo ulendo wotsatira, anatenga chikwama cha mbuzi chija ndi kamtengo n'kukaponya kudzala, agalu onse pambuyo pake, ndipo anandifunsa funso limene ine mwini sindinadzifunsepo, lakuti kodi tsiku lonse ndimakhala nditaimirira kapena nditakhala pansi. Anadula chidutswa cha lona wakale wa pa lole, anandikhazika pa mpando, anandiimiritsa, anandigwaditsa, anandiweramitsa ngati ndikusintha tayala, uku akuyeza ndi chinangwa chofanana kukula ndi kamfuti kaja, chifukwa kenikeniko anakana kukakhudza. Anasoka kachikwama kolowa m'kati mwa buluku cha pa chiuno chakumanja, kogwira lamba zolimba, kophimba pokhethemulira ponse kuti chala kapena nsalu isakodwepo, ndipo mbali yokhudza thupi anaikako nsalu yofewa yotsala pa chitenje chake, ya maluwa ofiira ndi achikasu.

Choncho mlonda woopsa wa a Kalinde ankayenda ndi maluwa m'chiuno, ndipo ndinayenda nawo zaka zambiri osamva kuwawa, mwina mpaka kuiwala kuti ndanyamula kanthu. Kuombera munthu sindinaomberepo, Mulungu anandisunga, ndipo bwana atagulitsa malole ake kamfuti kaja ndinakabweza ndi manja awiri, mtima uli mbee.

Tsono adzukulu anga, inu muli m'dziko la zinthu zambiri, mumasankha ndi chala pa galasi, ndipo zonse zimaoneka zokongola pa chithunzi. Koma chinthu chimene udzayende nacho tsiku ndi tsiku, kaya ndi nsapato zimene mayi anu amaima nazo shifiti yonse kuchipatala, kaya ndi ntchito, kaya ndi munthu womanga naye banja, usachiyese utaimirira pagalasi pokha. Khala nacho pansi, gwada nacho, tuluka nacho thukuta, ndipo chikamakupweteka usavale jekete n'kumati ukumva kachisanu, uza munthu amene amakukonda, chifukwa mwina ali ndi singano. Tiyamike, tenga foni yako tsopano, ndipo uwafunse agogo ako aakaziwo ngati chitenje chinatsalako.