Fodya Amene Sanali pa Shelefu

A bwana wamkulu wa laibulale yathu, achiwiri awo, akuluakulu a zigawo, mayi a kunyumba kwa mnzathuyu, ana ndi zidzukulu, anzanga a pakauntala, a ukhondo ndi alonda, ndakupatsani moni nonse. Amene mwaima kumbuyoko, mipando ilipo kutsogolo kuno. Palibe amene akufunseni funso.

Andipatsa mphindi khumi. Koma ndikuyankhula za munthu amene buku limodzi amatha nalo milungu itatu, ndiye ndikapitirira mundikhululukire.

Kwa alendo, ine ndimagwira m'chipinda cholembera mabuku atsopano. Bambo akhala apawa, ovala tayi amene sitinawaonepo naye, ndi osoka mabuku athu. Dzina lawo lenileni lili m'fayilo. Ife timawatchula a Musakhudze, chifukwa buku lililonse lochoka m'manja mwawo limakhala ndi kapepala ka mawu amenewo, poti guluu amakhala asanaume. Kapepalako tinakapezapo pa ketulo. Tinakapezapo pa mpando wawo. Kamodzi tinakapeza pa nyuzipepala ya a bwana, eni ake asanaiwerenge.

Ambiri mukudziwa kuti miyezi itatu yapitayi ndinataya amuna anga, a Dalaivala a galimoto yathu yoyendetsa mabuku. A bwana anandifunsa mofatsa ngati ndingathe kuima pano lero. Ndinati ndingathe. Pali ntchito ina imene bambo awa anandigwirira, yosalembedwa m'fayilo, ndipo ndikufuna muimve. Ndifikako.

Poyamba tiwaseke pang'ono. Buku lawo loyamba kusoka linali nkhani yachikondi, yothothoka masamba. Analisoka mokongola. Msana wowongoka, chikuto chosalala. Koma mitolo ya masamba anaisemphanitsa. Mayi wina analibwereka, n'kubwera nalo atatha masiku awiri, nkhope ili ngwee. Anati sanawerengepo buku lotonthoza chotere, chifukwa mwamuna anamwalira pa tsamba 60, n'kudzakwatira pa tsamba 200 ali bwinobwino. Anafunsa ngati wolembayo ali ndi mabuku ena. A Musakhudze anafuna kulimasula kuti alikonze, koma mayiyo anakana. Kuchokera tsiku limenelo bambowa amawerenga manambala a masamba katatu, milomo ikugwedera.

Tsopano za shelefu. Amene munalowapo m'chipinda mwawo mukuidziwa, ili pamwamba pa chitsulo chopanira mabuku. Pali zitini za fodya wa kaliwo makumi awiri ndi zitatu, zoyang'ana kumodzi ngati ana a sukulu pojambulitsa. Mayina ake ndi a zinenero zoluma lilime, ndiye ife timazitchula ndi zithunzi zake.

Pali Ngalawa, chitini chabuluu. Fodya wake ndi wakuda, ndipo amanunkha ngati nkhuni zonyowa zikamayaka. Iwo amati ameneyo ndi wa tsiku la mvula. Pali Nkhandwe, wotsekemera ngati zipatso zouma. Ameneyo amati ndi wa alendo, chifukwa ngakhale odana ndi utsi sasuntha mpando. Pali Mlonda, wa chithunzi cha nkhalamba yonyamula nyali. Amabwera woumbidwa ngati kanjerwa. Amamusenga ndi kampeni kodulira chikopa, n'kumufikisa m'manja, kenako n'kumusiya apume asanamuike m'kaliwo. Achiwiri kwa a bwana anapemphapo kulawa ameneyu. Anakoka kawiri. Sindinena zambiri, koma msonkhano wa masana tsiku limenelo unayamba iwo atakhala pansi pa udzu.

Ndipo pali Mfumukazi, kachitini kagolide komata. Anawapatsa ndi mlendo wina amene anamusokera buku la agogo ake. Zaka khumi ndi chimodzi kanakhala kosatsegula. Ankakapukuta fumbi Lachisanu lililonse, n'kumati adzakatsegula tsiku lopuma ntchito. Ndiye kuti lero.

Pali fodya mmodzi yekha amene sanakwereko pa shelefu imeneyo. Njinga. Uja wa m'kapepala, wopezeka m'kashopu kalikonse pafupi ndi pokwerera basi. Iwo amamutchula utuchi. Amuna anga ankawonjezera kuti ndi utuchi wa thabwa lofumbwa. Awiriwa ankakhala pa benchi ya kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, nthawi ya nkhomaliro, wina ndi kaliwo wake wopindika, wina ndi wake wowongoka, n'kumanyoza Njinga ngati anawalakwira.

Ndinene pano kuti zaka makumi atatu ndi zinayi zonsezi, pakati pa mapepala ndi guluu, bambo awa sanayatsepo moto m'nyumba ino. Kaliwo amamuluma wozizira tsiku lonse. Machesi amawasiya kwa alonda pachipata, n'kumawatenga masana ngati munthu wobwereka buku.

Ine sindisuta. Koma ndimakonda kufunsa, ndipo funso langa linali limodzi: mwa zitini zonsezi, chapamtima ndi chiti? Ndinafunsa kwa zaka. Ankati zimatengera nyengo. Ndikafunsa nyengo ili bwino, ankati zimatengera kaliwo. Ndikaloza kaliwo, ankati guluu wawo akuuma, ndituluke.

Tsopano ndifike pa nkhani yanga.

Amuna anga anasiya jekete kuseri kwa chitseko, lija lotuwa lomwe ankayenda nalo pa galimoto. Linkanunkha fodya wawo. Patatha milungu ingapo ndinazindikira kuti fungolo likuchepa. Tsiku lililonse ndinkayenera kuyandikira kwambiri kuti ndilimve. Ndipo sindinkadziwa kuti anali fodya wanji. Sankasuta m'nyumba. Ankasunga fodya m'kathumba kachikopa kopanda dzina, ndipo kathumbako ndinakapeza kopanda kanthu. Zaka zonsezi ndikulemba mayina a mabuku a anthu ena, dzina limodzi limeneli sindinalifunse.

Ndinabwera nalo jeketelo kuno m'jumbo lapulasitiki. A Musakhudze anayamba ndi kundikalipira. Anati pulasitiki imaphika fungo. Analitulutsa, n'kulikulunga m'pepala lopyapyala lija amakulungira mabuku akale, n'kundiuza kuti lisaone dzuwa. Kenako ananunkhiza kolala, nthawi yaitali, atatsinzina. Ndinadikira kuti atchule dzina. Anati sakumva kanthu kachilendo, koma ndisadandaule, atsata bwinobwino.

Mmene anatsatira ndi mmene ndinawadziwira kuti ndi mmisiri. Anandifotokozera kuti fodya wa m'chitini ndi utsi wokhala m'nsalu ndi zinthu ziwiri. Kununkhiza chitini sikungathandize. Ndiye anadula tizidutswa ta nsalu yaubweya. Masana alionse ankasuta mtundu umodzi, kansalu kali pabondo. Kenako ankakapachika m'kabati masiku atatu kuti utsi ukhazikike. Akatero ankakaika mu envelopu, n'kulemba nambala ndi pensulo, osati dzina, kuti mphuno yanga isanamizidwe ndi chithunzi. Envelopuyo ndinkaipeza pa tebulo langa m'mawa.

Nambala 1 sanali iye. Nambala 5 anandiyetsemulitsa, ndipo ndikuganiza kuti anali Mlonda. Nambala 9 anayandikira, mpaka ndinapita naye kunyumba kukayerekeza, koma anali wotsekemera kwambiri. Ndinaphunzira zinthu zimene sindinaziwerengepo m'buku lililonse. Kuti pali utsi wolemera ndi wopepuka. Kuti wina amakhala kutsogolo kwa mphuno, wina amatsikira kukhosi. Ndinayamba kudikira ma envelopu aja ngati mmene ndimadikirira bokosi la mabuku atsopano. Koma jekete linkapitirira kuzilala, ndipo tsiku la lero linkayandikira.

Titafika pa nambala 22, pa shelefu panatsala chitini chimodzi. Ndinawauza kuti ayi, Mfumukazi asamukhudze, amuna anga sakanamupeza kulikonse. Anandiyankha kuti ntchito yosiya tsamba limodzi si yomaliza. Anakatsegula Lachiwiri wamba, pa benchi, opanda wowaombera m'manja. Sanali iye. Nditafunsa kuti nanga Mfumukaziyo akukoma bwanji, anati ndi wabwino, kungoti anamudikiritsa kwambiri.

Apa ndi pamene anapempha kuti apite nalo jeketelo kunyumba kwawo, Loweruka ndi Lamlungu lokha, akalinunkhize m'mawa mphuno isanatope. Ndinavomera, koma ndinachita kulisiya m'manja mwawo ngati ndikusiya khanda.

Mayi, zotsatirazi ndi zanu, mundikonze ndikalakwitsa. Loweruka m'mawa bambo analimasula m'pepala, n'kulikoleka pa mpando, n'kutuluka pang'ono. Mayi anali kutolera zochapa. Madzi anali kale m'beseni, thovu litakwera. Anatenga malaya, anatenga mathalauza, anatenganso jekete lija. Pamene bambo ankandifotokozera mbali imeneyi ndinagwira tebulo. Koma mayi ali ndi chizolowezi chonunkhiza kolala asanaviike chovala. Ananunkhiza, n'kuitana:

"Bambo, jekete ili mwagula liti? Ndipo mwalinunkhitsa kale Njinga yanu ija."

Inde, anzanga. Njinga yawo ija.

Sekani, nanenso ndinaseka, koyamba m'miyezi itatu. Bambo wa zitini makumi awiri ndi zitatu, m'mawa uliwonse asanabwere kuno, amapita kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, n'kusuta utuchi. Mayi akuti ndi zaka zoposa makumi awiri. Kapepala kake amakabisa m'chitini cha misomali.

Ndipo n'chifukwa chake sanamve kanthu pa kolala paja. Fungo limene munthu umakhala nalo tsiku ndi tsiku mphuno imasiya kulimva. Ife a muno sitimva fungo la mabuku, amatiuza ndi alendo. Iwo ananunkhiza jekete la amuna anga, n'kungomva malaya awo omwe.

Sananditumizire uthenga. Anachita mwa dongosolo lawo. Anasuta, anapachika kansalu masiku atatu, ndipo Lachitatu anabwera okha ndi envelopu nambala 24, kaliwo ali m'manja osati m'kamwa. Ndinatsegula. Anali iye. Iwo anatuluka, n'kuima pakhomo, n'kumauza aliyense wobwera kuti chipindachi chatsekedwa kaye.

Pambuyo pake chidwi changa chinabwerera. Anthu awiri, benchi imodzi, zaka zonsezi, wina akusuta Njinga kuseri kwa nyumba, wina akusuta Njinga panjira, masana n'kumathandizana kuinyoza. Ndinafunsa ngati panalibe amene anakayikirapo mnzake. Anandiyankha kuti:

"Chaka chatha anzanga aja anandiuza kuti Njinga yasintha pepala. Ine ndinati inde, lakale lija linali bwino. Kenako tinayamba kukamba za mvula."

Nkhani imeneyo sindinkaidziwa. Ndinaganiza kuti za amuna anga ndinamva zonse, ndipo sipadzabweranso yatsopano. Inu, bambo, munandipatsa imodzi.

Bambo, ndiloleni tsopano ndiyankhule m'malo mwa tonse. M'nyumba ino muli mabuku masauzande amene akanatayidwa kalekale. Ali pa mashelefu chifukwa cha singano yanu. Anthu amawatsegula osadziwa kuti anathothokapo, ndipo inu mumati umo ndi mmene ziyenera kukhalira. Munaphunzitsa anthu asanu kusoka, ndipo awiri mwa iwo akhala apo. Munatiphunzitsa tonse kusapinda ngodya ya tsamba, ena mwa ife mwa mantha. Simunathamangirepo ntchito kuti musangalatse bwana, ndipo simunaichedwetsepo kuti mumupweteke. Pa zonsezi tikuthokoza. Mayi, ana, zikomo potibwereka bambowa zaka zonsezi, n'kumawalandira madzulo ali guluu m'zikhadabo.

Anzanga, pa za jekete lija bambowa sananditsimikizire zabodza. Anandiuza poyera kuti fodya yekha si munthu. M'jekete muja munalinso dizilo, sopo, ndi zina zimene sizigulitsidwa m'shopu, ndipo zimenezo zipita. Koma anati utsi wokha tingaubwezere. Popeza ine sindisuta, likadzazilala ndidzabwere nalo, tidzalikoleke pa chingwe chija, iwo adzakhale pansi pake ndi kaliwo. Mwana wawo wamkazi, anamwino akhala apowo, alola kaliwo mmodzi yekha patsiku, ndipo bambo akuti mmodzi ameneyo adzakhala wa jekete. Mayi alonjeza kuti tsiku limenelo sadzachapa.

Ndiye ine sindikutsanzikana nanu kwenikweni. Loweruka likubwerali ndikugogodani, chifukwa jekete layamba kale kuzilala.

Pitani mukapume, bambo. Mukadzuke nthawi imene mwafuna. Maso akapume, zala zikawongoke, zidzukulu zikakutopetseni. Anzanga, tiyeni tiimirire, tiwaombere m'manja bambo athuwa. Tisawaiwale mayi, amene ananunkhiza asanaviike.