Maliro a Bambo Carlos Akudikira Estela

Omvera athu, zilengezo zitatu zotsatirazi zonse zachokera ku Namwera m'boma la Mangochi, ndipo zafika mu envulopu imodzi.

Komiti ya eni masitolo, zigayo ndi malole pa Namwera ikudziwitsa onse amene nyumba zawo zinasasuka kapena kugwa ndi mphepo ndi mvula ya Lamulungu pa 12 Febuluwale, kuti Lolemba pa 27 idzagawanso malata, misomali ndi ufa. Chigayo cha a Sefu chikugaya ulere mpaka anthu akolole, ndipo lole ya a Iddi itutira aliyense mitengo ya denga. Ulendo uno kugawa kudzachitikira pamsika, osati pamzikiti. Komitiyi ikuvomera kuti inalakwa. Thandizo loyamba inalilengeza ndi kuligawa itatha swala ya Ijumaa, mapemphero a Lachisanu a Asilamu, monga amachitira ndi sadaka, ndipo palibe anakumbukira kuti mabanja othawa nkhondo a ku Mozambiki okhala kutsidya kwa dambo ambiri ndi Akatolika. Iwo anangoona anzawo akudutsa atasenza malata. Amene mwamva, kawauzeni m'Chiyao, m'Chilomwe, ngakhale m'Chipwitikizi. Chilengezochi chachokera kwa mlembi wa komiti, mayi Rahma Sefu.

A Omari Bakali, eni sitolo ya nsalu pa Namwera, akufunafuna mayi Estela Carlos, telala amene wakhala akusoka pakhonde la sitolo yawo zaka zitatu. Ndi wamfupi, ali ndi chipsera pachibwano, ndipo wabereka mwana wamkazi dzina lake Leticia. Anachoka Lamulungu pa 19, atauza anansi kuti akukaona ngati kwawo cha ku Mandimba ku Mozambiki kudakali wachibale woti awasunge. Dzulo lake anabwera kusitolo kudzafunsa ngati malatawo ndi a Amalawi okha. A Omari anali akuyeza nsalu ya kasitomala, ndipo anangoyankha kuti atha, osadzutsa ndi mutu womwe. Akuti mawu amenewa akuwadya mumtima, ndipo sakufuna kunamizira kutanganidwa. Oyendetsa malole ndi anjinga a pamsewu wa Chiponde, mukamuona mumuuze asawoloke malire, kutsidyako mfuti sizinaleke. Mumuuzenso kuti makina ake osokera, amene ananyowa ndi mvula ija, anawaumitsa ndi kuwathira mafuta. Chilengezochi chachokera kwa a Omari Bakali.

Chachitatu ndi cha maliro. Amalonda a pa Namwera akudziwitsa abale ndi abwenzi onse, makamaka amene ali m'misasa ya othawa nkhondo, kuti bambo Carlos Alberto, bambo ake a Estela, anamwalira Lachiwiri pa 21 kuchipatala cha ku boma. Anadwala chibayo atakhala sabata yathunthu pansi pa pepala la pulasitiki, kuseri kwa khoma limodzi limene linatsala la nyumba yawo. Kuchokera pamenepo kufika pamsika munthu sayenda ndi mphindi khumi zomwe. Bokosi lakhomedwa, lole ilipo, nsalu zilipo. Chimene amalondawa alibe ndi mapemphero, choncho akupempha katekisi aliyense wa Chikatolika wa kufupi kuti afike kusitolo ya a Omari adzawatsogolere. Mwambo udzakhala Loweruka pa 25, nthawi ya 2 koloko masana.

Pansi pake pali mawu olembedwa ndi cholembera china, ndipo ndiwerenga monga alili. "Estela, ukudziwa kuti ife Asilamu sitigoneka maliro, munthu timamuika tsiku lomwelo. Bambo akowa tawasunga kunyumba yachisoni, lero ndi tsiku lachitatu, chifukwa sitikufuna kukuchitiranso kanthu kena iwe kulibe. Ngati sufuna kundilankhula, usandilankhule. Ungobwera udzatiuze kumene mutu wawo uloze."

Chilengezochi chachokera kwa a Omari Bakali, amene akuti sanasainire komiti, asainira okha.