Chiwongolero Chovina

Pa siteji ya basi, mayi wovala zakuda anaima pafupi ndi bambo wa ovolosi yothimbirira ndi oilo. Basi itachedwa, mayiyo anayamba kudandaula.

"Galimoto ilipo kunyumba, bambo, koma ine ndimaiopa. Ikamayenda pang'onopang'ono chiwongolero chimavina m'manja ngati chaledzera."

"Nanga ikathamanga?"

"Chimangoti phee. Malemu amuna anga ankati mankhwala ake n'kuponda mafuta basi."

"Kuponda mafuta? Mayi, ine ndine makaniko. Kawirikawiri limakhala tayala lakutsogolo. Mawaya am'kati akaduka, limatupa ngati chithupsa. Liwiro silichiritsa, limangobisa. Tsiku lina limaphulika."

Mayiyo anakhala pa benchi, atafumbatira chikwama pachifuwa.

"Linaphulikadi. Apolisi anangoti amuna anga ankathamanga kwambiri. Miyezi isanu yonseyi ndakhala ndikuwakalipira mumtima kuti ankathamangira chiyani."

"Pepani, mayi. Ndiye galimotoyo munakonzetsa?"

"Alamu anga anawongola zitsulo, n'kusintha tayala lophulikalo."

"Limodzi lokha? Linzake?"

"Ndi lomwe lija. Malemuwo anagula onse tsiku limodzi, akale."

"Ndipo chiwongolero chikuvinabe?"

"Chikuvinabe."

"Mayo ine! Musaitulutsenso pageti!"

"Yatuluka kale. Mwana wanga wamkazi wapita nayo kukatenga ang'ono ake kusukulu. Kuyendetsa anamuphunzitsa ndi bambo ake."

"Imbani foni, mayi! Imbani!"

Basi inafika, anthu n'kukwera. Awiriwo sanasunthe. Foni inaitana kanayi.

"Halo? Iwe, ima pomwe ulipo. Ayi, usaponde mafuta. Ndikudziwa kuti anakuuza ndi adadi ako. Ima, mwana wanga."